Magazi Sathamanga, Amathinana: Zimene Masamu Amaulula za Mtima ndi BP

Tikamati munthu ali ndi matenda othamanga magazi, maganizo amathamangira ku liwiro, ngati kuti magaziwo akusefukira m'thupi. Komatu makina amene namwino amakumangani pamkono sayeza liwiro ayi. Amayeza mphamvu imene magazi akukankhira makoma a mitsempha. Ndipo mwa anthu ambiri amene akhala ndi BP yokwera kwa zaka, kuchuluka kwa magazi amene mtima ukupopa pa mphindi imodzi sikusiyana kwenikweni ndi kwa munthu wabwinobwino. Magaziwo sakuthamanga kuposa kale, akungodutsa mothinana.

Mfundo imeneyi simungaione ndi maso, ngakhale mutang'amba thupi n'kuyang'ana mtsempha uliwonse. Imatuluka munthu akayamba kuwerengetsera. N'chifukwa chake anthu ofufuza za mtima akhala akugwirana manja ndi anthu a masamu kwa zaka pafupifupi 400.

Woyamba kugwiritsa ntchito manambala pa nkhaniyi anali William Harvey, dokotala wa ku England, mu 1628. Pa nthawiyo madokotala ankatsatirabe chiphunzitso cha Galen, dokotala wakale wa Chigiriki, chakuti chiwindi chimapanga magazi kuchokera ku chakudya, magaziwo n'kumakathera m'ziwalo. Harvey anayerekeza kuchuluka kwa magazi amene mtima umatulutsa ukagunda kamodzi, n'kuchulukitsa ndi kugunda kwa mtima pa theka la ola. Anasankha dala manambala otsika, koma yankho linaposabe magazi onse amene thupi lingasunge. Palibe chiwindi chimene chingapange magazi ochuluka chotero. Ndiye kuti magazi omwewo amangozungulira. Ndi manambala a masiku ano, samuyo ndi yosavuta: mtima wa munthu wamkulu amene akupumula umatulutsa pafupifupi mililita 70 ukagunda kamodzi, ndipo umagunda pafupifupi maulendo 70 pa mphindi. Amenewo ndi malita pafupifupi 5 pa mphindi, omwe ndi magazi onse a m'thupi lake. Pa tsiku amakwana malita 7,000.

Zimene Harvey anachitazi ndi zomwe akatswiri amachitabe, kungoti masamu anakula. Amatenga chiwalo chovuta, n'kusankha zinthu zochepa zimene akukhulupirira kuti ndizo zikuyendetsa nkhani, n'kulemba m'masamu mmene zinthuzo zimakhudzirana. Chimenecho ndicho chifanizo cha masamu. Sichikhala chithunzi chathunthu cha thupi, ndipo sichifunika kutero. Ntchito yake ndi kulosera: tikasintha ichi, chichitike n'chiyani? Ulosi ukagwirizana ndi zimene zayezedwa pa munthu kapena nyama, chifanizocho chimapeza mphamvu. Ukalephera, ndiye kuti pali china chimene sitinachimvetse, ndipo kawirikawiri phunziro lalikulu limakhala pamenepo.

Samu ya zinthu zitatu

Maziko a zonse ndi samu yaifupi iyi: BP yapakatikati imapezeka pochulukitsa magazi amene mtima ukupopa pa mphindi ndi kupinga kumene magaziwo akukumana nako m'mitsempha.

BP yapakatikati si nambala imene mumauzidwa kuchipatala. Mukauzidwa kuti 120/80, nambala yapamwamba ndi ya pamene mtima wafinya, yapansi ndi ya pamene ukudzaza. Popeza mtima umakhalitsa podzaza kuposa pofinya, pakatikati penipeni pamapendekera kumunsi: mumatenga kusiyana kwa manambala awiriwo, komwe ndi 40, n'kugawa patatu, n'kuphatikiza ku 80. Yankho ndi pafupifupi 93. Ngati mtima ukupopa malita 5, ndiye kuti lita iliyonse pa mphindi ikufuna kukankhidwa ndi mphamvu yokwana 19 kapena kucheperapo pang'ono kuti idutse, ndipo nambala imeneyi ndiyo kupinga kuja.

Kasamu kameneka kamafotokoza zambiri. Munthu wathanzi akamathamanga, mtima wake ukhoza kupopa malita 20 kapena kuposa, kuchulukitsa kanayi. BP ikanachulukanso kanayi, mitsempha ya mu ubongo ikanakhala pangozi yophulika. Koma BP yapakatikati imangokwera pang'ono, zomwe zikutanthauza kuti kupinga kwatsika kwambiri chifukwa timitsempha ta m'minofu yogwira ntchito tatseguka. Mankhwala a BP nawonso amakhala m'samu yomweyi. Atenolol amachepetsa kapopedwe ka mtima, amlodipine amamasula timitsempha, ndipo mankhwala okodzetsa amayamba ndi kuchepetsa mchere ndi madzi m'thupi.

Nanga kupingako kumachokera kuti? Jean Poiseuille, dokotala wa ku Paris, anathera zaka zambiri cha m'ma 1840 akudutsitsa madzi m'timapaipi tagalasi topyapyala. Anapeza kuti m'lifupi mwa paipi muli mphamvu yoposa mmene munthu angaganizire. Paipi ikachepa ndi theka m'lifupi mwake, madzi odutsa sachepa ndi theka. Amachepa maulendo 16, chifukwa 2 amachulukitsidwa yekha kanayi. Tiyeni titenge kusintha kochepa kwambiri. Timitsempha tating'ono tikafinyika ndi 10 peresenti yokha, kupinga kumakwera ndi 52 peresenti. Mtima utapitiriza kupopa malita 5 omwe aja, BP yapakatikati ya 93 ingapitirire 140. Kusintha kumene diso silingakuone bwinobwino n'kokwanira kudwalitsa munthu. N'chifukwa chakenso thupi limayendetsa BP makamaka kudzera m'timitsempha timeneti, tomwe tazunguliridwa ndi minofu yotha kufinya ndi kumasuka.

Lamulo la Poiseuille lili ndi malire ake. Magazi si madzi, ali ndi maselo ofiira amene amachita kupindika kuti adutse m'timitsempha tochepetsetsa. Mitsempha si galasi, ndipo mtima supopa mosalekeza. Amene anakonza masamu a kayendedwe ka magazi kobwera modukizadukiza anali John Womersley mu 1955. Komabe phunziro la m'lifupi mwa paipi silinagwe.

Chifukwa chake nambala yapansi si ziro

Mtima umatulutsa magazi kwa gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi ya kugunda kulikonse. Nthawi yotsalayo vavu ya ku aorta, womwe ndi mtsempha waukulu wochokera kumtima, imakhala yotseka. Nanga bwanji BP simagwa kufika pa ziro pakati pa kugunda kuwiri?

Stephen Hales, m'busa wa ku England amene anali woyamba kuyeza BP, analiona funsoli. Mu 1733 anafalitsa zimene anapeza atalumikiza chubu chagalasi chachitali ku mtsempha wa hatchi: magazi anakwera kupitirira mamita awiri ndi theka, n'kumakwera ndi kutsika pang'ono mtima ukagunda. Iye anayerekeza mitsempha ikuluikulu ndi chipinda cha mpweya chimene chinkaikidwa pa mapampu ozimira moto, chomwe chinkachititsa kuti madzi azituluka mosadukiza ngakhale anthu akupopa modukiza. Mu 1899, Otto Frank wa ku Munich anasandutsa fanizoli kukhala masamu, ndipo chifanizo chake chimadziwika ndi dzina la Chijeremani la chipinda chija, Windkessel.

Chili ndi zinthu ziwiri zokha: kutanuka kwa mitsempha ikuluikulu ndi kupinga kwa timitsempha tating'ono. Mtima ukafinya, aorta amafufuma n'kusungako magazi ena. Vavu ikatseka, makoma ofufumawo amabwerera pang'onopang'ono, n'kumakankha magazi osungidwawo kupita m'ziwalo. BP imatsika ndithu, koma isanafike patali mtima umagundanso. Mukachulukitsa kutanuka ndi kupinga mumapeza nthawi imene BP imatenga potsika, yomwe mwa munthu wathanzi imakhala pakati pa sekondi imodzi ndi awiri. Mtima umabwerera pakangodutsa theka la sekondi kapena kuposa pang'ono. Akatswiri a zamagetsi akaona samu imeneyi amaizindikira msanga, chifukwa ndi yofanana ndi ya kachipangizo kosunga magetsi kamene kakutaya mphamvu yake kudzera pa waya wopinga. Kufanana kumeneku kunathandiza kwambiri, moti makompyuta a masiku ano asanabwere anthu ankamanga mitsempha ya thupi lonse ndi mawaya n'kumayeza. Nico Westerhof ndi anzake anawonjezera chinthu chachitatu cha m'ma 1970, choimira kupinga kwa pakhomo pa aorta penipeni, ndipo chifanizocho chinayamba kufanana kwambiri ndi zimene zimayezedwa mwa munthu.

Apa ndi pamene chifanizo chosavutachi chimandikhutiritsa kwambiri, chifukwa chimafotokoza BP ya okalamba popanda kuwonjezera china chilichonse. Munthu akamakula, aorta amauma. Muike kutanuka kochepa m'samu ya Frank, zina zonse muzisiye mmene zinalili. Mililita 70 omwe aja akalowa mu mtsempha wosafufuma, nambala yapamwamba imakwera kwambiri. Popeza magazi osungidwa achepa, nambala yapansi imatsika. Mumapeza munthu wa 160/70, pamene wachinyamata amene vuto lake ndi kufinyika kwa timitsempha amakhala wa 150/100. Onse amauzidwa kuti BP yakwera, koma chaonongeka n'chosiyana.

Chimene Windkessel amalephera ndi mtunda. Amatenga mitsempha yonse ngati thumba limodzi, chonsecho kugunda kumayenda ngati funde. Chimene mumamva mukagwira pamkono si magazi amene angotuluka kumtima, koma funde loyenda m'makoma a mitsempha, lomwe limathamanga kwambiri kuposa magazi enieniwo. Moens ndi Korteweg anasonyeza mu 1878 kuti liwiro la fundeli limakula khoma likauma. Mwa wachinyamata limayenda mamita 5 kapena 6 pa sekondi mu aorta; mwa wokalamba likhoza kupitirira 10. Fundeli likafika pamene mitsempha ikugawikana, gawo lina limabwerera. Likabwerera mochedwa, limapeza vavu itatseka ndipo limathandiza kukankhira magazi m'mitsempha yodyetsa mtima weniweniwo. Likabwerera mofulumira, limapeza mtima ukadali kufinya ndipo limauwonjezera katundu.

Alonda a masekondi

Zonsezi ndi za mapaipi ndi pampu. Koma thupi silingokhala chete BP ikasintha. Mukadzuka pamene munagona, magazi okwana theka la lita kapena kuposa amatsikira kumiyendo ndi kumimba. Obwerera kumtima amachepa, ndipo mtima umene wadzaza pang'ono umatulutsanso pang'ono, monga anasonyezera Frank yemwe uja ndi Ernest Starling. BP iyenera kugwa. Chimene chimakupulumutsani kuti musakomoke ndi timitsempha tonyamula mauthenga timene tili m'makoma a mitsempha ikuluikulu ya m'khosi ndi pa aorta. Timamva mmene khoma latanukira n'kutumiza uthenga kumunsi kwa ubongo. BP ikagwa khoma n'kuchepa kutanuka, ubongo umafulumizitsa mtima n'kufinya mitsempha.

Polemba zimenezi m'masamu, chinthu chofunika kwambiri ndi kuchedwa. Uthenga wosintha kugunda kwa mtima umagwira ntchito mkati mwa kugunda kumodzi kapena kuwiri, pamene wofinya mitsempha umatenga masekondi angapo. Aliyense amene anaongolapo chinthu chochedwa kumvera amadziwa zotsatira zake: umakhotetsa, sichikhota, umawonjezera, kenako chimapitirira, n'kuyamba kubweza. Zifanizo za masamu zikapatsidwa kuchedwa kotereku, BP imayamba yokha kukwera ndi kutsika pafupifupi masekondi 10 aliwonse. Mafunde otere amapezekadi mwa anthu, ndipo amatchedwa ndi dzina la Sigmund Mayer, amene anafotokoza za kusinthasintha kwa BP mwa nyama mu 1876. Palibe amene anawaika dala m'samuyo. Anatuluka chifukwa cha kuchedwako, ndipo umenewu ndi umboni wamphamvu wakuti chifanizocho chagwira china chenicheni.

Ndiye funso lalikulu: ngati alondawa alipo, amalekereranji BP kukhala yokwera kwa zaka? Mu 1973, Allen Cowley, Jean-François Liard ndi Arthur Guyton anadula mitsempha yonyamula mauthengayi mwa agalu n'kuyeza BP usana ndi usiku. BP inkakwera ndi kugwa mopanda dongosolo, koma pakatikati pa maola 24 panasintha pang'ono chabe. Komanso alondawa amazolowera: BP ikakhala yokwera kwa tsiku limodzi kapena awiri, amayamba kuiona ngati yabwinobwino. Ofufuzawo anati alonda amenewa ndi a masekondi ndi mphindi. Wa miyezi ndi zaka ndi wina.

Impso za Guyton ndi mkangano wosatha

Guyton ankaphunzira udokotala wa maopaleshoni pamene poliyo anamupuwalitsa mu 1946. Anatembenukira ku kafukufuku, ndipo pa University of Mississippi anathera moyo wake akuwerengetsera kayendedwe ka magazi. Mu 1972, iye pamodzi ndi Thomas Coleman ndi Harris Granger anafalitsa chifanizo chachikulu: chithunzi cha timabokosi toposa 300 tolumikizana, toimira mtima, mitsempha, impso, mahomoni, ludzu, mchere ndi madzi a m'thupi. Atachiyendetsa pa kompyuta, chinapereka yankho limodzi mobwerezabwereza: pa nthawi yaitali, BP imakhazikitsidwa ndi impso.

Ganizo lake ndi ili. Impso zimasefa madzi pafupifupi malita 180 pa tsiku, n'kubweza pafupifupi onse, kusiya lita imodzi ndi theka ya mkodzo. BP ikakwera, impso zimataya mchere ndi madzi ambiri, ikatsika, zimasunga. Taganizani za thanki imene madzi akulowamo pamwamba, ili ndi bowo pansi. Madzi akamakwera, otuluka pabowo amachuluka, mpaka otuluka afanane ndi olowa. Pamenepo madzi amaima. Mutathiramo ndowa ina, amakwera kwakanthawi n'kubwerera pa mlingo womwewo. Kuti mlingowo usinthiretu pali njira ziwiri zokha: kuchulukitsa olowa tsiku ndi tsiku, kapena kuchepetsa bowo. Alonda a m'khosi amakonza gawo chabe la vuto, koma impso sizileka kutaya kapena kusunga mpaka zolowa ndi zotuluka zitafanana ndendende. Choncho, anatero Guyton, BP singakhale yokwera kwa zaka pokhapokha impso zikufuna kukankhidwa mwamphamvu kuti zitulutse mchere umene munthu akudya.

Umboni unalipo. Harry Goldblatt anali atasonyeza kale mu 1934 kuti kufinya mtsempha wolowa mu impso ya galu kumabweretsa BP yokhalitsa. Pa makoswe, impso ya khoswe wa mtundu wodwala BP ikaikidwa mwa wabwinobwino, matendawo amatsatira impsoyo. Ndipo chifanizo cha Guyton chinafotokoza zija tinayamba nazo. Agalu amene anachotsedwa mbali yaikulu ya impso atapatsidwa mchere wambiri, masiku oyamba mtima unkapopadi magazi ochuluka. Koma ziwalo sizifuna magazi oposa amene zikusowa, motero timitsempha take tinafinyika pang'onopang'ono. Patatha masabata angapo kapopedwe ka mtima kanabwerera pafupi ndi pakale, kupinga kunali kutakwera, BP n'kukhalabe pamwamba. Dokotala amene angafike pa nthawi imeneyi angaone timitsempha tofinyika n'kunena kuti ndito tayambitsa, chonsecho tangotsatira.

Kwa zaka zambiri chiphunzitsochi chinalamulira mabuku a zachipatala. Koma otsutsa ali ndi mfundo imene sindingaikankhire kumbali. Amati yankho lija silinatulukire mu kompyuta, linalowetsedwamo. Ngati mwalemba m'samu kuti impso zimamvera BP mwanjira yokhazikika ndiponso kuti alonda a m'khosi amazolowera kotheratu, n'zosadabwitsa kuti impso zipambana. Ndipo zoyezedwa zatsopano zawonjezera mafunso. Thomas Lohmeier, wa pa yunivesite yomweyo, anasonyeza kuti kutekenya mitsempha ya m'khosi ija ndi magetsi kumatsitsa BP ya agalu kwa masiku ndi masabata, osati mphindi chabe. Gulu la Jens Titze linapeza kuti thupi limatha kusunga mchere pakhungu popanda kusunga madzi ofanana nawo, zomwe thanki yathu ija sinaganizire. Mu 2014 ofufuza ena, kuphatikizapo Daniel Beard ndi Stig Omholt, anapanga chifanizo chosonyeza kuti kuuma kwa mitsempha pakokha kungakweze BP: khoma louma silitanuka mokwanira, alonda amanamizika kuti BP yatsika, ubongo n'kulamula thupi lonse, impso zomwe, kuti liikweze.

Ine ndimaona kuti mfundo ya Guyton yakuti mchere wolowa uyenera kufanana ndi wotuluka ndi yosagwedezeka, chifukwa ndi kuwerengera chabe. Chimene chikadali poyera n'chakuti ndani amachepetsa bowo lija: impso yokha, ubongo, mahomoni monga renin ndi aldosterone, kapena mitsempha youma. N'kutheka kuti yankho limasiyana munthu ndi munthu. Ubwino wa chifanizo cha 1972 ndi wakuti chinalemba poyera zonse zimene chinkakhulupirira, moti wotsutsa amatha kuloza bokosi lenileni limene akulikana n'kupita kukaliyesa.

Masamu afika pabedi la wodwala

Zifanizo zina zalowa kale m'chipatala. Mtsempha wodyetsa mtima ukaphanika, madokotala amafuna kudziwa ngati kuphanikako kukuchepetsadi magazi. Njira yozolowereka ndi kulowetsa kawaya mu mtsemphawo n'kuyeza BP kutsogolo kwa pophanika, kumene magazi akuchokera, ndi kuseri kwake. Yakuseri ikakhala 0.80 ya yakutsogolo kapena kutsikirapo, pamafunika kuchitapo kanthu. Tsopano n'zotheka kujambula mtima ndi makina a X-ray otchedwa CT, kumanga mitsempha ya munthuyo pa kompyuta, n'kuwerengera kayendedwe ka magazi ndi masamu a Navier ndi Stokes ofotokoza kayendedwe ka madzi ndi mpweya, omwe amagwiritsidwanso ntchito popanga ndege. Njira ya kampani ya HeartFlow inavomerezedwa ku United States mu 2014. Chosangalatsa n'chakuti kumapeto kwa timitsempha tojambulidwato, kumene CT sithanso kuona, amalumikizako zifanizo zosavuta za mtundu wa Windkessel. Masamu a 1899 akugwirabe ntchito mkati mwa a lero.

Ngakhale makina a pamkono aja ali ndi samu mkati. Dokotala amene amagwiritsa ntchito chomvetsera amamvera phokoso limene Nikolai Korotkoff anafotokoza mu 1905. Makina odziyendera okha samva phokosolo. Amamva kunjenjemera kwa lamba pamene mpweya ukuphwa, ndipo pamene kunjenjemerako kwafika pachimake ndi pafupi ndi BP yapakatikati. Manambala awiri amene mumaona pagalasi amachita kuwerengetseredwa ndi njira imene kampani iliyonse inakonza poyeza gulu la anthu. N'chifukwa chake makinawa amatha kuphonya kwa munthu amene mtima wake ukugunda mosalongosoka, kwa mayi woyembekezera, kapena kwa wokalamba wa mitsempha youma kwambiri, ndipo n'chifukwa chake makina amayenera kuyesedwa pa magulu amenewa paokha.

Loto la ofufuza ambiri ndi kupanga chifanizo cha munthu mmodzi, chimene dokotala angayeserepo mankhwala asanamupatse. Vuto lalikulu si kuchepa mphamvu kwa makompyuta. Ndi lakuti chifanizo chachikulu chili ndi manambala mazanamazana ofunika kudzaza, pamene kwa wodwala timatenga manambala awiri a BP ndi kugunda kwa mtima. Munthu wa 160/95 angakhale ndi mtima wopopa kwambiri, kapena timitsempha tofinyika, kapena impso zosunga mchere, kapena kachotupa kotulutsa aldosterone wochuluka, ndipo chifanizo chikhoza kutulutsa 160/95 yomweyo kudzera m'njira iliyonse mwa zimenezi. Choncho ntchito yambiri tsopano ikupita pa funso lina: ndi muyeso uti umodzi wowonjezera, kaya liwiro la funde la m'mitsempha, kaya renin wa m'magazi, kaya BP ya usiku munthu ali m'tulo, umene ungalekanitse msanga odwala amene makina a pamkono akuwaonetsa ngati ofanana.